Mwana wanga akufunsabe kuti tibwerera liti kwathu

Amayi a Tadala, Chiputula

Ndikupereka moni kwa inu nonse, makamaka makolo ndi aphunzitsi amene munasamukapo ndi ana aang'ono. Ine ndi amuna anga tinafika kuno ku Mzuzu mu Epulo kuchokera ku Kawale, mumzinda wa Lilongwe, iwo atasamutsidwa pantchito, ndipo tinapeza nyumba ya lendi ku Chiputula. Ana tili nawo awiri, koma amene wandisowetsa tulo ndi wamkulu, Tadala, mtsikana wa zaka 5, pakuti mng'ono wake akadali wakumsana ndipo kwa iye paliponse pamene pali bere la amake ndi pakhomo.

Ku Kawale tinkakhala pamdadada, khomo loyandikana ndi mayi ena achikulire ochokera ku Mulanje. Mayiwa si abale athu ngakhale pang'ono, komabe ndiwo anamusambitsa Tadala ali m'chikuta, ndiwo ankamubereka ine ndikapita kumsika kukagulitsa kaunjika, ndipo mwanayu anaphunzira kuyankhula akuwaitana kuti agogo. Mdzukulu wawo, wa msinkhu womwewo, ndiye anali mnzake wa ponda apa m'pondepo, moti nsima ankadyera mbale imodzi, lero kwathu, mawa kwawo.

Ndivomereze kulakwa kwanga ndisanapemphe nzeru. Poopa kuti alira, tinapakira katundu m'lole usiku iye ali m'tulo, ndipo m'mamawa tinamuuza kuti tikupita kukaona nyanja, tibwerako posachedwa. Sanatsanzike munthu aliyense. Tsopano miyezi itatu yatha, koma madzulo aliwonse ndikamakoleza mbaula amafunsa kuti, "Amayi, tibwerera liti kwathu?" Wayambanso kukodza pogona, zimene anasiya ali ndi zaka 3, ndipo ana a pafupi akamuitana amangoima pakhonde, akuti sakumva zimene akuyankhula.

Nkhaniyi inakula Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi. Mayi ena anamufunsa kuti kwawo ndi kuti, iye n'kuyankha kuti ndi kwa agogo ku Kawale. Abambo ake anamudzudzula pomwepo kuti kwawo ndi ku Ntcheu, ndiponso kuti mayi aja si agogo ake enieni, ndi aneba chabe. Mwanayu ku Ntcheu anapitako kawiri kokha, konseko kumaliro, ndipo amalume ake akanakhalapo akanati kwawo ndi ku Dowa, kumene ine ndimachokera. Tsiku limenelo anakana nsima.

Kuwonjezera apo, eni nyumba atiuza kuti tituluke pofika Sepitembala chifukwa alowamo mwana wawo, ndipo tapeza ina ku Luwinga. Kodi ndimuuze zoona kuti ku Kawale sitibwereranso kukakhala? Nanga za mayi aja ndimuuze kuti ndi ndani kwa iye, pakuti sindikufuna kutsutsa abambo ake pamaso pake, komanso mtima wanga sukulola kunena kuti ndi aneba chabe?

Mphunzitsi wa mkombaphala, Katawa

Amayi a Tadala, pepani ndi zimene mukukumana nazo. Ndaphunzitsa ana a zaka 3 mpaka 5 kwa nthawi yaitali mumzinda muno, ndipo chaka chilichonse ndimalandira ana a anamwino, a apolisi, a asilikali ndi a ogwira ntchito m'boma amene angofika kumene. Zimene akuchita Tadala ndaziona kambirimbiri, ndipo sizikusonyeza kuti mwanayo ali ndi vuto m'mutu. Iye akungodikira lonjezo limene munamupatsa. Munati mukukaona nyanja ndipo mubwerako, ndiye kwa iye ulendo uja sunathe, ndipo munthu amene ali paulendo samasula katundu wake kapena kupalana ubwenzi ndi anthu a panjira.

Choncho yambani ndi kukonza mawu aja. Mukhale naye pansi masana, osati nthawi yogona, mumuuze mwachidule kuti munanena zosalondola chifukwa munkaopa kumuona akulira, kuti tsopano mukukhala ku Mzuzu, ndipo ku Kawale muzipita kukacheza kokha. Alira ndithu, mwina kwa masiku angapo, ndipo misozi imeneyo ndi imene akanakhetsa tsiku lija la lole. Musamutonthoze ndi lonjezo lina limene simungakwanitse. Ena amaona ngati kholo likapepesa kwa mwana ladzichotsera ulemu, koma ine ndaona kuti mwana amene ananamizidwa za ulendo umodzi amayamba kukayikira ngakhale amake akamati akungopita kuchigayo.

Kumbukiraninso kuti mwana wa zaka 5 sadziwa kutalika kwa mwezi. Mukati "mu Sepitembala" kapena "pa Khirisimasi", kwa iye n'chimodzimodzi ndi kunena kuti mawa kapena kunena kuti sizidzachitika. Ife kusukulu timawerenga usiku. Tengani botolo, muikemo nyemba zochuluka ngati masiku amene atsala kuti mupite ku Luwinga, ndipo iye azichotsa imodzi m'mawa uliwonse. Masiku akatsala ochepa, mupite naye akaone nyumbayo ndi maso ake, akaone pamene azigona, pamene pali mpopi ndi chimbudzi, ndipo pamsewu mumulozere zinthu zoti azizindikira, monga chipatala chachikulu cha Mzuzu Central ndi chipata cha yunivesite ya Mzuzu (Mzuni). Ku Luwinga si kutali, koma iye sangadziwe zimenezo ngati sanayendepo, ndipo angaganize kuti ndi ulendo winanso wa makilomita oposa 350 wodutsa m'chifunga cha ku Chikangawa.

Tsiku losamuka asagone pamene mukupakira. Mumupatse kajumbo kake aikemo kapu yake, chidole chake ndi kachitenje kamene amafunda, anyamule yekha, ndipo mukafika muyambe mwayala pogona pake ndi kumanga neti yake musanatsegule makatoni ena. Bulangeti lake musalichape sabata imeneyo, chifukwa fungo limene analizolowera limamugoneka msanga kuposa mawu ambiri. Nditaona ana amene nyumba zawo zinagwa ndi madzi osefukira a mu Epulo 2016 kuno ku Mzuzu, ndinaphunzira kuti ana amafotokoza nkhawa zawo m'masanje. Ankamanga timanyumba ta dothi, n'kutigumula, n'kunyamula tiziwiya kupita nato pena, mobwerezabwereza kwa milungu ingapo. Mukaona Tadala akusewera zosamuka, musamuletse, ndipo mumvetsere zimene akuuza chidole chake.

Za kukodza pogona, mwana akasokonezeka mumtima amabwerera m'mbuyo pa zimene anaphunzira kale, ndiponso kuzizira kwa Juni ndi Julayi kuno kumachititsa kuti ana aziopa kutuluka m'zofunda. Musamukalipire kapena kuyanika zofunda zake mozionetsa kwa anzake, mumupititse kukataya madzi asanagone, ndipo muike kachitini pafupi. Koma ngati akulira pokodza, akutentha thupi, kapena akumwa madzi ambiri modabwitsa n'kumaonda, mupite naye kuchipatala osadikira, chifukwa zimenezo si za kusamuka ayi.

Agogo a ku Zolozolo, mphunzitsi wopuma

Mwana wanga, ine ndine Mchewa wa ku Kasungu, ndipo ndinabwera kuno kudzaphunzitsa Mzuzu asanapatsidwe ulemu wokhala mzinda mu 1985. Aphunzitsi a ku Katawa anena bwino za kakonzedwe ka ulendo, ndiye ine ndingoimako pang'ono kumbali ya amuna anu, ngakhale kuti kadzudzulidwe kawo sindikugwirizana nako.

Chiyankhulo chathu chimasiyanitsa kunyumba ndi kwathu, ndipo sichinachite zimenezi mwangozi. Kunyumba ndi kumene ukagone lero. Kwathu ndi kumene kuli manda a makolo, kumene kuli munda, kumene nyakwawa imakudziwa ndi dzina, kumene akale ankati kunagwera mchombo wako. Munthu wa lendi amasamuka kasanu kapena kakhumi, ndipo ngati mwana wake alibe malo amodzi amene sasuntha, amakula ngati nkhuku yogula kumsika. Abambo a Tadala akamaumirira za ku Ntcheu, akuopa zimenezo, ndipo mantha awo ndi omveka. Pamene analakwa ndi poganiza kuti mwana angakonde mudzi chifukwa chouzidwa. Mwanayo kumudzi anangoonako anthu akulira. Mupite naye nthawi yokolola, akadye chimanga chootcha, akathamangitse mbuzi ndi asuweni ake, agogo ake akamutchule ndi mfunda, ndipo mudzaona kuti dzina la Ntcheu lidzakhala ndi nkhope.

Funso lakuti ndi ku Ntcheu kapena ku Dowa musalisenzetse mwana. Ife Achewa timatsata mbumba ya kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume, pamene anzathu Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba amapereka malowolo ndipo ana amatsata kuchimuna. Kuno Tadala azikumana ndi ana amene akafunsidwa za kukaya, kumene ndi kumudzi m'Chitumbuka, amatchula kwa abambo awo mosakayika, ndiye n'kofunika kuti inu awiri mugwirizane kuchipinda zimene muzimuuza. Kwa msinkhu wake n'kokwanira kudziwa kuti amayi kwawo ndi ku Dowa, abambo kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo konseko akafika sagogoda ngati mlendo.

Musaiwale kuti mzinda uno ndi wa obwera. Unayambira pa minda ya mitengo ya tung imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1940, ndipo pofika kalembera wa 2018 unali ndi anthu oposa 220,000. Ambiri a iwo, kaya ndi Atonga a ku Nkhata Bay, Ankhonde a ku Karonga kapena Alambya a ku Chitipa, akati kwathu amaloza kwina. Mwana wanu si yekha amene ali ndi kwawo kuwiri.

Pa nkhani ya chiyankhulo ndili ndi pempho. Ana a kuno Chichewa amachimva, chifukwa amachiphunzira kusukulu ndi kuchimva pawailesi, koma posewera amagwiritsa ntchito Chitumbuka, ndipo ali ndi ufulu wotero. Akuluakulu a kuno amakumbukira kuti mu 1968 Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu, n'kudzabwerera pa MBC mu 1994, ndiye mlendo amene amayesetsa kupereka moni m'chiyankhulo chawo amamulandira ndi manja awiri. Yambani inuyo mwana akuona. Muziti monire kwa aneba, muziti yewo akakupatsani kanthu, ndipo mumuphunzitse kuti madzi ndi maji, nsima ndi sima, ndiwo ndi dende. Akaona amake akulakwitsa mawu n'kumaseka ndi anzawo pampopi, iyenso atsika pakhonde paja. Masewera a phada, fulaye ndi chibisalirano safuna womasulira.

Nachisale, Mchengautuwa

Agogo a ku Zolozolo, mawu anu ndawamva ndipo ndikuwalemekeza, koma mwadutsa mofulumira pa funso limene landikhudza ine kwambiri, la mayi a ku Kawale aja.

Ine amayi anga anamwalira ndili ndi zaka 6. Amene anandilera sanali amayi aang'ono kapena azakhali, anali chinjira wa amayi anga, mayi amene anapangana nawo ubwenzi ali atsikana, ndipo abale a magazi atakangana za katundu n'kubalalika, iwo ndiwo ananditenga. Ndinakula ndikumva anthu akundikumbutsa kuti amenewo si amayi ako enieni, ndipo nthawi iliyonse mawuwo ankandichititsa kuona ngati ndikhoza kubwezedwa tsiku lililonse ngati mbale yobwereka. Mwana akauzidwa kuti munthu amene anamubereka kumsana ndi mneba chabe, sakuphunzira mzere wa makolo ayi. Akuphunzira kuti chikondi chimene anachimva chinali chabodza, ndipo akafika pamalo atsopano amaopa kukondanso munthu. Amati chibale ndi fupa sichiola, ndipo ndi zoona, koma makolo omwewo ndiwo anatinso mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiwonso anayambitsa uchinjira, umene unkadziwika ndi mabanja onse awiri ndipo unkafika mpaka pamaliro.

Amayi a Tadala, simukufunika kunama kapena kutsutsa amuna anu. Mwana wa zaka 5 amamva bwino mukamuuza kuti pali agogo amene anabereka amayi, pali agogo amene anabereka abambo, ndipo pali agogo amene anamusankha iye ali wakhanda ngakhale kuti sanabereke aliyense wa inu. Zonsezi ndi zoona, ndipo palibe amene walandidwa mpando. Mwina abambo ake chimene chinawapweteka ndi kumva mwana wawo akutchula mayi a ku Mulanje pamaso pa anthu, osatchula amayi awo owabereka. Ngati ndi choncho, mankhwala ake ndi kuonjezera kuyimbira foni ku Ntcheu, osati kuchepetsa za ku Kawale.

Koma ndinenenso mawu owawa kwa inu akuluakulu. Ngati mwana mukumulola kunena kuti agogo, inunso muwachitire mayiwo zimene munthu amachitira amake. Kodi chichokereni munawatumizirako kanthu? Wina akamapita ku Lilongwe pabasi, mupatsireni kampunga ka Kilombero kapena paketi ya khofi wa ku Mzuzu, Tadala aikemo chithunzi chimene wajambula yekha. Akadwala muwayimbire, kukagwa zovuta kwawo mupite. Mayi amenewonso anadzuka m'mawa n'kupeza kuti mwana amene anamulera zaka 5 wapita osatsanzika, ndipo mdzukulu wawo anataya mnzake tsiku lomwelo. Ana awiriwo apatseni mpata woyankhulana, ngakhale pa WhatsApp ya mneba, pa tsiku lodziwika monga Loweruka madzulo. Aziuzana zopanda mutu, wina za galu, wina za nsapato, koma ubwenzi wa ana umakhala wotero.

Bambo a mapasa, Luwinga

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene zanenedwa, koma ndichenjezepo pawiri monga bambo amene wasamuka kanayi ndi ana. Foni ikhale ndi malire. Ife titachoka ku Zomba tinkalola ana kuyimbira anzawo tsiku lililonse, ndipo mapeto ake ankakhala m'nyumba kudikira foni pamene ana a pafupi akusewera mpira wa chikulunga panja. Kamodzi pa sabata, monga anenera a Nachisale, n'kokwanira.

Chinanso n'chakuti m'tauni muno tazolowera kuuza ana kuti mwamuna aliyense ndi ankolo, mkazi aliyense ndi anti. Ndi ulemu wabwino, koma mwana amene akusowa munthu womukonda pamalo achilendo akhoza kutsatira aliyense amene wamupatsa switi. Mumuuze momveka kuti moni amapereka kwa onse, koma amene angalowe m'nyumba mwawo kapena kukwera nawo njinga ya kabaza, imene kuno timati sakaramento, ndi okhawo amene amayi ndi abambo awatchula mayina. Wachibale wosankha amadziwika ndi zaka zimene wakhala nanu, monga mayi a ku Kawale aja, osati ndi dzina loitanira. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana amene akuchitidwa nkhanza, ndipo ndi bwino kholo lililonse likhale nayo. Mukafika ku Luwinga mufunse msanga za sukulu ya mkombaphala kapena ya m'mera mpoyamba yapafupi, popeza chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala momwemo, ndipo n'kosavuta kuti mwana alowe pamodzi ndi anzake atsopano kusiyana ndi kufika pakati pa teremu magulu atapangidwa kale.

Amayi a Tadala, Chiputula

Zikomo kwambiri nonse, ndipo pepani kuti ndachedwa kubwera ndi yankho. Ndinawerengera amuna anga zonse zimene munalemba. Pa mawu a a Nachisale anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati nawonso ali kusekondale ankasungidwa ndi banja lina la ku Balaka limene mpaka lero amalitchula kuti kwa amayi, zimene ine sindinazimvepo m'zaka zonse za ukwati wathu.

Tinamuuza Tadala zoona tili awiri. Analira mpaka kugona, ndipo m'mawa mwake anandifunsa ngati nyanja nayonso inali yabodza. Funso limeneli linandilasa, moti Loweruka lotsatira tinakwera minibasi kupita ku Nkhata Bay kuti aione ndi maso ake. Agogo a ku Kawale tinawayimbira, ndinapepesa, ndipo anandikalipira monga mayi akalipira mwana wake, kenaka anatumiza nandolo ndi chitenje chawo chakale kudzera mwa kondakitala wa basi. Chitenjecho ndi chimene akufunda tsopano, ndipo kukodza pogona kwachepa ngakhale kuti sikunatheretu.

Mayi a kutchalitchi aja anamufunsanso dala Lamulungu lino. Anayankha kuti amagona ku Chiputula, koma ali ndi agogo a nandolo ku Kawale, agogo a mbatatesi ku Ntcheu ndi agogo a mtedza ku Dowa. Abambo ake anangodandaula kuti Ntcheu sinatchulidwe poyamba.

M'botolo mwatsala nyemba 19, ndipo nyumba ya ku Luwinga takaiona kale. Vuto limene labuka ndi lakuti masabata awiri apitawa wapeza mnzake kuseri kwa nyumba yathu, kamtsikana kamene kamamuphunzitsa kuwerenga manambala m'Chitumbuka, ndipo dzulo ndinapeza nyemba m'botolo zachuluka. Nditamufunsa anavomera kuti amabwezeramo zimene wachotsa, kuti tisachoke msanga kumusiya mnzakeyo. Amake a mwanayo ndakambirana nawo kale, ndipo tagwirizana kuti tsiku la lole mwanayo adzakwera nafe mpaka ku Luwinga kuti akaone kumene Tadala azigona.